Ku Te Kaha Anaitana Mayi Aliyense ndi Dzina Lake

Te Kaha ndi mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, chakum'mawa kwa chilumba cha kumpoto cha dziko la New Zealand. Anthu ambiri kumeneko ndi a mtundu wa Māori, eni nthaka a dzikolo, ndipo fuko lawo limatchedwa Te Whānau-ā-Apanui. Msewu waukulu ulipo umodzi wokha, wokhotakhota motsata gombe, ndipo chipatala chachikulu chili kutali. Pofuna kuti amayi a kumadera otere asatsalire, boma limatumiza galimoto yaikulu yokhala ndi makina ojambula mawere, kuti khansa ipezeke isanakule. Kujambulitsako n'kwaulere.

Komabe mu 2003 amayi amene anajambulitsa m'derali sanakwane 45 pa amayi 100 alionse oyenera kutero. Galimoto inabwera n'kubwerera, amayi oposa theka osapondamo. Patangotha zaka ziwiri, mu 2005, chiwerengero chija chinafika pafupifupi 98 pa 100, ndipo mu 2007 chinakhalanso chimodzimodzi. Sipanamangidwe chipatala chatsopano, msewu unali womwewo, amayi anali omwewo.

Tayamba ndi mudzi wakutaliwu chifukwa zimene zinachitika kumeneko zikutikhudza pawiri. Ambiri a ife tili ndi ana, achemwali ndi azakhali amene akukhala m'maiko a eni, kumene iwo amawerengedwa m'gulu la mitundu ya anthu ochepa. Ndiponso njira imene inasintha zinthu ku Te Kaha ndi yoti banja lililonse ndi mpingo uliwonse ungaithe.

Matenda amodzi, mathero osiyana

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. M'maiko olemera, amayi pafupifupi 9 pa 10 alionse amakhala ali moyo patapita zaka zisanu kuchokera pamene khansayi inapezeka. Koma mukalowa m'kati mwa maiko omwewo n'kufunsa kuti amene akupulumukawo ndi ayani, mupeza kuti mwayi sunagawike mofanana.

Ku New Zealand, pulogalamu ya boma yotchedwa BreastScreen Aotearoa inayamba kumapeto kwa 1998. Imajambula amayi kwaulere zaka ziwiri zilizonse kuyambira ali ndi zaka 45, ndipo cholinga chake n'kufikira amayi 70 pa 100 alionse. Amayi a mtundu wa Māori akhala akutsalira pa chiwerengero chimenechi, chonsecho ndiwo amadwala khansayi kwambiri ndi kumwalira nayo kwambiri poyerekeza ndi amayi achizungu a m'dzikomo.

Ku Australia pulogalamu yofanana nayo inayamba mu 1991. Mwa amayi a zaka 50 mpaka 74, pafupifupi theka amapita kukajambulitsa, koma mwa amayi achiaborijini ndi a kuzilumba za Torres Strait, amene ndi eni nthaka kumeneko, opita sakwana 4 pa 10 alionse. Amayi amenewa sadwala khansa ya m'mawere kuposa anzawo, koma akadwala, mwayi wawo wopulumuka umakhala wocheperapo.

Ku America nkhani yake ndi yomweyo. Amayi akuda amapezeka ndi khansayi mocheperako pang'ono kuyerekeza ndi amayi achizungu, koma imfa zawo n'zochuluka ndi pafupifupi 40 pa 100. Mbali ina ya vutoli ili m'thupi: mtundu wa khansa wovuta kuchiza, umene madokotala amautcha triple-negative, umapezeka pafupifupi kawiri mwa amayi akuda, ndipo nthawi zambiri umagwira munthu akadali wamng'ono. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mu 2024 akatswiri olangiza boma la America anatsitsira zaka zoyambira kujambulitsa kufika pa 40. Koma mbali yaikulu ili kunja kwa thupi: kuchedwa kupezeka, kuchedwa kuyamba chithandizo, ndi kulekezera chithandizo panjira.

N'chifukwa chiyani mayi sapita pamene zinthu n'zaulere?

N'zosavuta kunena kuti amayiwa ndi osasamala kapena sadziwa. Amene agwira nawo ntchito kwa nthawi yaitali amapeza zifukwa zina.

Choyamba ndi kalata. Mapulogalamu a boma ambiri amaitana mayi pomulembera. Kalata imafuna kuti mayiyo akhale m'kaundula, keyala yake ikhale yolondola, ndipo tsiku ndi ola zimene wina wasankha ali mu ofesi kutali zigwirizane ndi moyo wake. Mayi amene akulera zidzukulu, amene alibe galimoto, kapena amene wasamuka kawiri m'chaka chimodzi, amagwa m'ming'alu ya dongosolo lotere popanda aliyense kuzindikira.

Chachiwiri ndi manyazi. Pojambula, mayi amavula kuyambira m'chiuno kupita kumtunda, bere limaikidwa pakati pa timbale tiwiri n'kupanidwa kwa masekondi ochepa kuti chithunzi cha X-ray chituluke bwino. Kwa Aaborijini ambiri, nkhani za thupi la mkazi ndi za akazi okhaokha, sizikambidwa pamaso pa amuna kapena alendo. Ife amene tinakula tikudziwa kuti za kutsimba ndi za kuchikuta sizifika pabwalo, sitivutika kumvetsa zimenezi.

Chachitatu ndi mbiri, ndipo apa m'pofunika kudekha. Ku Australia, kwa zaka zambiri mpaka cha m'ma 1970, ana ambiri achiaborijini ankalandidwa kwa makolo awo mwalamulo n'kukaleredwa kwina. Nduna yaikulu ya dzikolo, Kevin Rudd, inapepesa poyera mu 2008. Ku America, lipoti la boma la mu 1976 linapeza kuti amayi 3,406 a mitundu ya Amwenye eni nthaka anatsekedwa kubereka m'zipatala za boma m'madera anayi okha pakati pa 1973 ndi 1976, ndipo ndondomeko yopempha chilolezo chawo inali yoperewera. Atsikana a nthawi imeneyo ndiwo agogo amene lero akuitanidwa kuti akavule pamaso pa wogwira ntchito m'boma. Mayi wotere akakayikira kalata yokhala ndi chidindo, sakuchita zauchitsiru. Akukumbukira.

Zimene anachita ku Te Kaha

Nkhani ya ku Te Kaha inalembedwa mu 2009 m'magazini ya madokotala a ku New Zealand ndi Rachel Thomson, Sue Crengle ndi Ross Lawrenson. Chimene chimadabwitsa ukaimva n'chakuti mulibe chodabwitsa.

Ogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo anasiya kudikira kuti makalata ochokera kutali agwire ntchito okha. Anatsegula kaundula wawo n'kupeza mayi aliyense wa zaka zoyenera. Anafalitsa nkhani ya kubwera kwa galimoto kudzera mwa anthu a m'mudzi momwemo. Anathandiza amayi kulembetsa, ndipo anatenga mbali pokonza masiku ndi maola kuti agwirizane ndi mmene anthu akukhalira. Mayi sankaitanidwanso ndi ofesi yosadziwika. Ankaitanidwa ndi munthu amene amadziwa dzina lake, nyumba yake ndi abale ake, munthu amene akakumanenso naye kusitolo kapena pamaliro.

Kodi kuvutika konseku kuli ndi phindu? Kafukufuku wina wa m'chigawo cha Waikato, m'dziko lomwelo, anayankha funsoli. Anapeza kuti pakati pa amayi amene khansa yawo inapezeka kudzera m'kujambula kwa pulogalamu ya boma, amayi a mtundu wa Māori ankapulumuka mofanana ndi amayi achizungu. Kusiyana kwakukulu kunali pakati pa amene anafika kuchipatala chotupa chitaonekera kale. Choncho imfa zochuluka zija sizinalembedwe m'magazi a mtundu. Khansa ikapezeka msanga ndipo mayi akalowa m'njira yolongosoka ya chithandizo, mpata uja umatsekeka.

Dokotala wina wa mtundu wa Māori, Mason Durie, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti anthu akwawo amaona umoyo ngati nyumba ya zipupa zinayi: thupi, maganizo, mzimu ndi banja. Chipupa chimodzi chikagwa, nyumba yonse imapendekeka. Ife a Adventist timaphunzitsa kawirikawiri za thupi, maganizo ndi mzimu. Chipupa chachinayicho, cha banja ndi abale, ndicho chinanyamula amayi a ku Te Kaha kuwafikitsa pagalimoto ija.

Nsalu ya pamapewa

Ku Victoria, chigawo cha kum'mwera kwa Australia, vuto la manyazi analipezera yankho looneka laling'ono. Mu 2018 bungwe la zipatala zoyendetsedwa ndi Aaborijini eni ake, lotchedwa VACCHO, linagwirizana ndi BreastScreen Victoria kuyesa kupatsa mayi aliyense nsalu yofunda pamapewa pa nthawi yojambula. Nsaluzo zimakhala ndi zithunzi zojambulidwa ndi amayi aluso achiaborijini a m'deralo. Mayi amafunda nsaluyo, wojambula amene ndi mkazi mnzake amaonetsa mbali yokhayo imene ikufunika, ndipo akamaliza mayiyo amapita nayo kunyumba. Ntchitoyi imatchedwa Beautiful Shawl Project, ndipo galimoto yojambulira imakaima pachipatala cha Aaborijini eni ake, malo amene amayiwo amawadziwa kale ndi kuwakhulupirira. Ena mwa amene anabwera anali asanajambulitsepo chibadwire.

Nsalu sichiza khansa. Koma aliyense amene anaperekezapo mayi wachikulire kuchipatala, n'kuona mmene amagwiritsira chitenje chake pachifuwa dokotala akamalowa, akudziwa kuti ulemu wa munthu ungamutsegulire khomo kapena kumutsekera.

Kupeza chotupa ndi chiyambi chabe

Kujambula kumangoonetsa kuti pali china chofunika kufufuza. Pambuyo pake pamabwera kudula kanyama kuti kakapimidwe, kudikira zotsatira, opaleshoni, mankhwala amphamvu a chemotherapy, kuwotcha ndi makina a radiotherapy kwa masabata angapo, ndipo kwa ena mapiritsi akumwa zaka zisanu kapena kuposerapo. Pa sitepe iliyonse mayi wosauka kapena wakutali angathe kugwa.

Dokotala wa opaleshoni Harold Freeman anaona zimenezi pachipatala cha Harlem mumzinda wa New York, kumene odwala ambiri anali amayi akuda osauka. Pakati pa 1964 ndi 1986, pafupifupi theka la amayi odwala khansa ya m'mawere ankafika matenda atapita kale patali, ndipo amene ankakhala ndi moyo zaka zisanu anali 39 pa 100 okha. Kuyeza kwaulere kunathandiza, koma Freeman anaona kuti amayi ena amene anapezeka ndi chotupa sankabwereranso. Ena analibe inshuwalansi, ena sanamve zimene dokotala ananena, ena analibe wowasiyira ana, ena anangogwidwa ndi mantha.

Mu 1990 anayambitsa ntchito ya operekeza odwala. Woperekeza sankafunika kukhala dokotala kapena namwino. Ankakhala munthu wodziwa chikhalidwe ndi chilankhulo cha m'deralo, amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti mayi amene wapezeka ndi chotupa wafika pa sitepe yotsatira, ndi yotsatiranso, mpaka kumapeto. Kafukufuku wa odwala a pakati pa 1995 ndi 2000 anapeza kuti okhala ndi moyo zaka zisanu anakwera kufika pa 70 pa 100. Mu 2005 dziko la America linakhazikitsa lamulo lothandiza ntchito ya operekeza odwala, ndipo lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Bungwe la WHO, pokhazikitsa ndondomeko yake yolimbana ndi khansa ya m'mawere mu 2021, linaika mizati itatu: amayi osachepera 60 pa 100 azipezeka khansa ili pa siteji yoyamba kapena yachiwiri, kufufuza konse kuzitha pasanathe masiku 60 mayi atafika kuchipatala, ndipo osachepera 80 pa 100 azimaliza chithandizo chonse. Mizati iwiri mwa itatuyi ikunena za zimene zimachitika chotupa chitapezeka kale.

Mawu kwa ife a m'nyumba ya chikhulupiriro

Pali msampha wina umene ndi wathuwathu. Popeza sitimwa mowa, sitisuta fodya ndipo ambiri timasamala zakudya, n'zotheka kuganiza kuti khansa ndi matenda a anthu ena. N'zoona kuti kupewa mowa, kugwiritsa ntchito thupi, kusanenepa kwambiri ndi kuyamwitsa ana zimachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere. Izi tizipitirize. Koma WHO ikuti pafupifupi theka la amayi odwala khansayi alibe chiopsezo china chodziwika kupatula kukhala mkazi ndi kukula msinkhu.

Ngakhale kafukufuku wathu womwe akutichenjeza. Yunivesite ya Loma Linda yakhala ikutsatira a Adventist pafupifupi 96,000 a ku America ndi Canada kuyambira 2002, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ndi wakuda. Pa nkhani ya khansa ya m'mawere, kafukufukuyu sanapeze kusiyana kotsimikizika pakati pa amayi osadya nyama, onse pamodzi, ndi amayi odya nyama. Mayi wokhulupirika, wodya masamba ndi nyemba moyo wake wonse, angathe kupezeka ndi chotupa, ndipo sichikhala chilango kapena umboni woti walakwitsa penapake.

Tinenenso mosabisa: makala opera, madzi a mandimu, kusala kudya ndi zitsamba sizichotsa khansa ya m'mawere. Miyezi imene mayi amathera pa zimenezi ndi miyezi imene chotupa chimasamukira kukhwapa, kumafupa ndi kumapapo. Tipemphere, akulu a mpingo adzoze wodwala ngati wapempha, ndipo m'mawa mwake tikhale naye pamzere wa kuchipatala. Mpingo umene unamanga Malamulo ndi Mwami sunaphunzitsepo kuti dokotala ndi mdani wa pemphero.

Kwa amene ali kunja, ndi kwa ife tili kuno

Ngati muli ndi mwana kapena mchemwali ku Britain, dziwani kuti iye ali m'gulu limene takambali. Ziwerengero za ku England zimene zinatulutsidwa mu 2016 zinasonyeza kuti amayi 25 pa 100 alionse ochokera ku Africa ankapezeka khansa ili pa siteji yachitatu kapena yachinayi, pamene kwa amayi achizungu anali 13 pa 100. Kumeneko mayi amaitanidwa kukajambulitsa kwaulere zaka zitatu zilizonse kuyambira zaka 50 mpaka atatsala pang'ono kukwanitsa 71, koma kalata imafika pokhapokha ngati analembetsa kwa dokotala wa m'dera lake ndipo keyala yake ndi yolondola. Ambiri mwa abale athu amagwira ntchito zosamalira okalamba usiku ndi usana, ndipo kalata yotere imatha kukhala pa tebulo mwezi wathunthu. Mukamalankhula pa WhatsApp Lamlungu likubwerali, mufunseni ngati kalatayo inabwera ndiponso ngati anapita. Ndipo ngati ali ndi zaka zosakwana 50 koma waona chachilendo, asadikire kalata. Apite kwa dokotala.

Kuno kwathu makina ojambulira mawere ndi ochepa ndipo ali m'mizinda, kotero amayi ambiri amafika pa Queen Elizabeth ku Blantyre, pa Kamuzu Central ku Lilongwe kapena pa Cancer Diseases Hospital ku Lusaka matenda atakula kale. Chida chathu choyamba ndi maso ndi manja a mayi mwini wake, kenako manja a wachipatala wophunzitsidwa kuyeza mawere. Zofunika kuziona ndi izi: chotupa kapena kuuma m'bere kapena kukhwapa, kusintha kwa kukula kapena kaonekedwe ka bere limodzi, khungu lonyololoka kapena looneka ngati khungu la lalanje, nsonga ya bere yolowa m'kati mwatsopano, magazi kapena madzi achilendo otuluka kunsonga, ndi chilonda chosapola. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, choncho kusamva ululu si chifukwa chodikirira. Zotupa zambiri, mpaka 9 pa 10, sizikhala khansa, koma amene angasiyanitse ndi achipatala okha. Abambo nawonso, ngakhale ndi ochepa kwambiri, amadwala khansayi.

Tikayang'ana zimene zinagwira ntchito ku Te Kaha, ku Victoria ndi ku Harlem, tikupeza kuti mpingo wathu uli nazo kale zipangizo zake. Kaundula tili naye; mlembi wa mpingo ndi aphunzitsi a Sukulu ya Sabata amadziwa mayi aliyense ndi mudzi wake. Malo amene amayi amamasuka okhaokha tili nawo, pa misonkhano ya a Dorika ndi ya Utumiki wa Amayi, ndiponso pa msonkhano wa misasa, kumene namwino wamkazi angaitanidwe kudzaphunzitsa ndi kuyeza amayi m'chipinda chotseka. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi woperekeza: munthu mmodzi wotchulidwa dzina amene akudziwa tsiku limene mayi wakutiwakuti akuyenera kubwerera kukamva zotsatira, amene adzafunse ngati ndalama ya minibasi ilipo, amene adzakonze woti atsale ndi ana, ndipo amene adzasunge chinsinsi. Mayi akadziwa kuti nkhani yake ikafika pa zolengeza za pa Sabata asanavomere, sadzauza aliyense.

Abambo ali ndi gawo lawo lalikulu. Amayi ena amabisa chotupa poopa kuti akawachotsa bere, banja lithera pomwepo. Mwamuna amene wauza mkazi wake momveka kuti adzakhala naye zivute zitani, n'kupita naye limodzi kuchipatala, wachotsa mantha amene dokotala sangawachotse.

Tiyambe ndi m'nyumba mwathu sabata ino. Tiwerenge amayi a zaka 40 kupita m'tsogolo amene ali m'banja lathu, a kuno ndi a kunja omwe: amayi athu, apongozi, azakhali, achemwali. Aliyense timufunse mwaulemu, pa nthawi yabwino ndi kudzera mwa munthu woyenera, kuti anayezetsa liti komaliza. Amene wanena kuti sanayezetsepo, tigwirizane naye tsiku, ndipo tsikulo likafika tipite naye.